Batire Linatithera ku Chipangali Tikufuna Atate

Atate anasowa masana a tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lake lija loti ngakhale agalu a ku Kapata satuluka pansi pa mitengo. Amayi anapita kumpopi, pobwera anapeza mpando wa pakhonde uli wokha. Jekete ndi tayi panalibe pamsomali. Tinafunafuna kumsika, kutchalitchi, kuchipatala, mpaka kupolisi. Kunada, kunacha, munthu osapezeka.

Atate, a Sakala, anali mphunzitsi moyo wawo wonse, ndipo ndiwo ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mutu unayamba kuwasokonekera atapuma ntchito. Poyamba ankaiwala pamene aika magalasi, kenako anaiwala maina athu. Munthu akawafuulira ankachita mantha n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Ine ankangonditchula kuti "mnyamata uja." Sizinandiwawe kwenikweni, chifukwa ali bwinobwino ankanditchula zoipa kuposa pamenepo. Ndinasiya sukulu ndili Giredi 9, m'banja limene aliyense ali ndi satifiketi yake pakhoma. Ntchito yanga inali yoika mawailesi ndi maampulifaya m'maminibasi, pagalaji ina kuseri kwa msika. Ampulifaya ndi kabokosi kamene kamakuza mawu a wailesi kuti amveke patali. Kwathu ankati ndimalumikiza phokoso la zidakwa.

M'mawa mwake kunabwera amalume a Mbewe, alongo awo a Amayi, kalaliki wa kuboma, munthu wosita ngakhale mpango wa m'thumba.

"Masauso," anatero, "zaphokoso zako zija lero zigwire ntchito ya anthu. Wina wawaona alamu pamsewu wa ku Mwami. Tiziyenda tikulengeza."

Amayi anayankhula motsitsa. "Dzulo m'mawa ankadandaula kuti belu lachedwa kulira. Kapena apita kusukulu yawo yoyamba ija, ku Chipangali."

"Chipangali akafika bwanji m'thumba muli mbee? Mlongo, munthu wawaona ndi maso. Tipita ku Mwami."

Tinabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi, chachitsulo chija chonga lipenga, ndi maikolofoni yake. Pagalaji ndinatengapo ampulifaya ndi wailesi ya kaseti yokhala ndi polowetsa maikolofoni. Galimoto inali vaneti ya a Jere a ku Madzimoyo, mkulu wa mpingo, imene masiku onse inkanyamula mtedza ndi nkhumba. Lipenga ndinalimangirira pamwamba ndi mphira. Ampulifaya ndinaiika kuseri kwa mpando, waya wofiira ndinaukoka kuchokera kubatire, wakuda ndinaumanga pabawuti ina ya pansi. Ndinatulutsa kamita kanga kosweka galasi kuti ndiyeze magetsi, koma amalume anali atayamba kale kuyang'ana wotchi.

"Munthu wagona kunja, iwe ukusewera ndi tizingwe?"

Ndinabweza kamita m'thumba. Amalume anakhala kutsogolo ndi a Jere. Ine ndinakwera kumbuyo ndi alongo anga aakulu, a Esnati, amenenso ndi mphunzitsi. Iwo ananyamula botolo la madzi, chipewa cha Atate, ndi kachikwama kamene sanandiuze kuti muli chiyani. Galasi la kumbuyo kwa kabini linasweka kalekale, ndiye ndinkatha kupisa dzanja n'kufikira ampulifaya ndili kunjako.

Titangodutsa nyumba zomaliza za m'tauni amalume anakonza pakhosi.

"Chidziwitso kwa anthu onse. Banja la a Sakala likupempha mwaulemu aliyense amene wakumana ndi a Sakala, mphunzitsi wopuma, kuti alidziwitse mwamsanga."

Anthu a m'mbali mwa msewu ankangotiyang'ana. Ena ankakweza dzanja, kuyesa ndife andale.

A Esnati anasuzumira pawindo. "Amalume, nenani kuti akudwala mutu. Nenani kuti avala tayi."

"Pamsewu? Pachimkuzamawu? Banja lino silinafike pamenepo."

Anayambanso, tsopano mokweza. Atangoti "Chidziwi," mawu anaduka. Ndinasuzumira kuseri kwa mpando. Kanyale kobiriwira ka pa ampulifaya kanazima, kofiira kanayaka. Kenako kobiriwira kanabwerera kokha. Amalume anafuulanso, kofiira kanayakanso.

"Ndinadziwa," anatero. "Imani, a Jere."

Tinaima pansi pa mtengo wa mango. Fyuzi inali yabwinobwino. Ndinaika kamita pamitu ya batire, kamuvi kanaloza mavoliti 12. Ndinakaika pa ampulifaya penipenipo n'kuwauza amalume kuti ayankhule. Atangotsegula pakamwa kamuvi kanagwa mpaka pa 10. Ndiye kuti magetsi ankatayika panjira. Magetsi a m'galimoto amapita ndi waya wofiira, pobwerera amadutsa m'chitsulo cha galimotoyo. Bawuti imene ndinamangapo waya wakuda inali ndi penti, dzimbiri, ndi zina zimene nkhumba za a Jere zinasiyapo. Ndinapala ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala, n'kumanganso. Ndinkafulumira, osati chifukwa cha amalume. Dzuwa linali litayamba kale kutentha bonati, ndipo ndinkaganiza za jekete lakuda lija.

Mawu anabwerera. Palibe anathokoza. Tinapitiriza.

Ku Mwami, pamalire ndi Malawi, tinapeza mzere wa malole, madalaivala atagona pansi pa magalimoto awo kuthawa dzuwa. Azimayi amalonda anakhalira mabelo awo, anyamata osintha ndalama ankazungulira ngati ntchentche. A Jere anaimitsa vaneti pafupi ndi geti n'kuzimitsa injini. Amalume anapitiriza chidziwitso chawo, kubwereza ndi kubwereza.

"A Jere, lizani injini," ndinatero. "Chinthuchi chimamwa batire."

"Petulo ugula ndiwe?"

Amalume atatopa analowa mu ofesi. Bambo wina wa yunifolomu anawamvera chisoni, anapita nawo mpaka mbali ya Malawi kukafunsa. Ife tinatsala tikudikira. Ine ndi a Esnati tinayenda lole ndi lole tikusuzumira pansi. Paliponse pamene pankaoneka nsapato zakuda tinkathamangirapo, kenako mwini wake ankadzuka n'kutitukwana. Kuseri kwa lole ina tinapezadi mdala wa tayi. Anali wamfupi, wonenepa, akugulitsa mankhwala a mano m'timabotolo. Ameneyo ndiye anatiyendetsa ulendo wonsewu.

Amalume anabwera dzuwa lili pamutu, kolala itanyowa. Kumeneko nako palibe anawaona. A Jere anapotokola kiyi. Vaneti inangoti tche, tche, basi.

Kamita kanati 11. Mitu ya batire inali itachita ufa woyera ngati nkhungu. Ndinapita kwa mayi wina wogulitsa tiyi pambali pa msewu kukapempha madzi otentha otsukira.

"Tenga, mwana wanga," anatero. "Koma inu kuyambira m'mawa mukungoti a Sakala, a Sakala. A Sakala ake ati? Pano a Sakala ndi ambiri. Mwamuna wanga ndi Sakala, ndipo mukamufuna mutengeni."

A Esnati sanaseke. "Ndi atate athu, mayi. Ndi okalamba, aatali, avala jekete ndi tayi. Mutu wawo suli bwino. Amafunsa za belu."

Mayi wina wamalonda amene ankamwa tiyi pabenchi anaika kapu pansi. "Mdala wofunsa ngati belu lalira? Iii! Ndinamuona dzulo ku Kapata ndikudikira basi yobwera kuno. Anakwera lole ya feteleza yopita ku Chipangali. Anthu ndiwo anamukweza, ati ndi aphunzitsi awo akale. Bwanji osanena choncho poyamba?"

Ndinayang'ana amalume. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Ndinali ndi mawu ambiri pakamwa, koma panalibe nthawi yowawonongera.

Ndinathira madzi otentha pamitu ya batire, kupala, kumanga. Sizinathandize kuliza injini. Anyamata osintha ndalama ndiwo anatikankha, uku akuseka.

"Bwana, lengezaninso kuti vaneti nayo yasowa moyo!"

Mayi wamalonda uja, amake Tisa, anapempha kuti timutengeko mpaka m'tauni. A Jere anamutchula mtengo, iye anapereka phava la nthochi, anakangana pang'ono, mabelo anakwera. Njira yonse sanatseke pakamwa.

"Agogo anga aamuna anasowanso chonchi. Mwezi wake uno. Tinawapeza padambo, atagona bwinobwino ngati akupumula. Ludzu basi. Munthu wamkulu sachedwa ndi dzuwa ili."

"Mayi, idyani nthochi," ndinatero.

"Ndikungonena. Koma anu mwina muwapeza."

A Esnati anakumbatira botolo la madzi pachifuwa. Sanamwe ngakhale dontho tsiku lonselo.

M'tauni tinatsitsa amake Tisa n'kuthira petulo injini ikulira, wothira mafuta akutikalipira. Pamenepo ndinatsegula bonati n'kuyezanso. Injini ikamalira, olitaneta, kamakina kamene kamadzaza batire, imayenera kukweza kamuvi kufika pa 13 kapena 14. Kanga kanali pansi pa 12. A Jere anaponda mafuta, kamuvi osasuntha.

"A Jere, batire lanu silikudzazidwa. Kanyale ka batire padashibodi sikayaka?"

"Kankayaka masiku onse. Kankandisokoneza maso, ndinachotsa babu."

"Ndiye mumayenda bwanji?"

"Ndimaimika potsetsereka. Loweruka ndimakatchajitsa kwa mnzanga wa chigayo. Yakhala ikuyenda chonchi, iwe usanabwere ndi chilombo chakochi."

Ndinati tidutse pagalaji ndikabwereke batire lina. Tinapita, tinapeza chitseko chili ndi loko, abwana atapita kukagula zitsulo. Amalume anati tidikire pang'ono. A Esnati analoza dzuwa, limene linali litayamba kupendeka. Inenso sindikanatha kukhala pamwala kudikira munthu amene akapita kukagula zitsulo amabwera akununkha mowa. Tinanyamuka ndi batire lomwelo.

Njira inadutsa pafupi ndi kwathu. Amayi anali chiimire pageti. Sitinaime, kuopa kuti injini ingazime. A Esnati anangofuula, "Chipangali!" Amayi anagwira pamutu ndi manja onse awiri.

Pamsewu wa ku Lundazi, titafika pachitunda, ndinawauza a Jere kuti aime. Ndinkayembekeza kuti mwina lamba wozunguza olitaneta wangomasuka. Analidi womasuka. Ndinamukoka ndi chitsulo chochotsera matayala, kumanga bawuti, kudziwotcha mkono pa injini. Tinatsetsereka, injini inalira, ndinayeza. Kamuvi kanali pomwe paja. Olitaneta inali itafa m'kati, ndipo zimenezo sizikonzeka ndi mpeni pambali pa msewu.

"Tamverani," ndinatero. "Batire ili tsopano lili ngati chidebe chimene palibe akuthiramo. Injini ikumwa momwemo, chifukwa popanda magetsi mapulagi sathetheka. Ampulifaya ikumwa momwemo. Mukayankhula kwambiri, tifika pafupi. Sankhani."

"Ukundiphunzitsa kuyankhula?" anatero amalume.

"Ayi. Ndikukuuzani kuti waya ndigwira ine."

Ndinamasula waya wofiira pa ampulifaya n'kuugwira m'manja. Tikafika pamene pali anthu, pamjigo kapena pagolosale, ndinkaukhudzitsa. Amalume ankayamba "Chidziwitso kwa anthu onse," ndipo asanafike pa "mwaulemu" tinkakhala titadutsa kale, ine n'kuchotsa waya. Pamphambano yolowera ku Chipangali a Esnati anapisa dzanja pawindo n'kulanda maikolofoni.

"Mdala wa tayi, wodwala mutu, ndi atate athu! Mwawaona?"

Bambo wina wokonza njinga anaimirira n'kuloza msewu wafumbi. "Anadutsa dzulo palole! Ankaimba!"

Amalume sanaipemphenso maikolofoni.

Za msewu wafumbiwo ndikumbukira kugwedezeka ndi fumbi lofiira m'mano. Mphira wina unaduka, lipenga linapendekera pansi, ndinaligwira ndi dzanja limodzi, lina lili ndi waya. Tinakumana ndi ngolo yodzaza njerwa pamalo opapatiza, ng'ombe zikukana kupatuka, ndipo a Jere anaponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi kuti injini isazime. Ndinkangomvetsera kulira kwake. Kutsogolo kunkaoneka utsi.

Pasukulu tinapeza ana ataweruka. A hedi, mayi wachitsikana ndithu, anatuluka m'nyumba akupukuta manja.

"Anafika dzulo madzulo. Tinawapatsa chakudya, anagona kwathu kuno. Tinawafunsa kumene achokera, anangotifunsa za belu. Tinati lero tituma munthu kupolisi. Koma m'mawa ana atafola, iwo anayang'anayang'ana n'kunena kuti sukulu iyi si yawo, yawo ili ndi mkuyu pakhomo."

"Sukulu ya mkuyu ili kuti?" anafunsa a Esnati.

"Ndi yakale ija, tsidya la dambo. Denga linasasuka kalekale, tinasamukira kuno. Ndinatuma ana awiri kuti awatsatire, anawabweza, ati akuthawa kalasi. Aphunzitsi anga aamuna apita kukawafuna masana ano, sanawapeze."

"Utsi uwo ndi wa chiyani?"

"Anyamata osaka mbewa atentha tchire. Chaka chilichonse timawaletsa."

Kanjira kopita kudambo kanali ka ngolo. Vaneti inayamba kutsokomola, kudumphadumpha, kuphulika kumbuyo. Ndinadziwa kuti mapulagi akusowa moto. A Jere ankaipempha ngati munthu, "Tiye, mayi, tiye." Titafika m'mphepete mwa dambo inangoti zii. Panalibe potsetsereka. Kamita kanati 10 ndi kapang'ono.

Tinawoloka wapansi. Sukulu yakale inali zipupa zokhazokha, udzu utamera m'kati, mkuyu uli chiimire. Munalibe munthu. Koma pachipupa chimodzi, pamene kale panali bolodi, panalembedwa ndi khala mizere ya zilembo zimene akwaya amawerenga poimba, d, r, m, zokhala ndi timadontho pakati. Dzanja la Atate tonse tinalidziwa. Makala ake anali akadali pansi.

"Atate!" anafuula a Esnati.

"Alamu!"

"Aphunzitsi! A Sakala!"

Anthu a m'madimba anamva, anabwera kudzatithandiza. Tinamwazikana m'dambomo. Udzu unali wouma, wautali kuposa ine, ndipo pakati panali mabango ndi matope. Mphepo inkabweretsa utsi ndi timaphulusa takuda. Moto unkamveka kuthetheka chakumpoto. Mayi wina anatola nsapato yakuda m'matope n'kuikweza m'mwamba. A Esnati anailandira, anakhala pansi pomwepo.

Ine ndinasiya kufuula. Ndinakumbukira chitseko cha kwathu chija. Anthu onsewa akufuula chonchi, Atate ngati anali moyo anali atadzipanikiza penapake, akutimva, osatuluka.

"Asisi, tikuwathamangitsa tokha," ndinatero. "Auzeni anthu akhale chete."

A Esnati anandiyang'ana, kenako anayang'ana kuzipupa kuja. Anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa kaseti. Inali ya kwaya ya Atate, imene a Esnati anajambula okha pa Pasaka wina, nyimbo zimene Atate anapeka.

"Ndinaitenga kuti tikawapeza ndiziwaimbira pobwerera," anatero. "Iike."

Amalume anakana. "Nyimbo za kutchalitchi pachimkuzamawu, pamudzi wa eni? Anthu ati tabweretsa maliro. Mukufuna kuwaitanira maliro ali moyo?"

A Jere nawo anati, "Batire langa mulipheratu."

"Lafa kale," ndinatero. "Funso ndi lakuti lifere chiyani."

Ndinabwerera kuvaneti, ndinalimasula n'kulisenza pamutu mpaka pachulu chachitali cha m'mphepete mwa dambo. Asidi anandidonthera pamalaya. Anthu ananyamula lipenga, ampulifaya ndi wailesi. Magetsi otsalawo sindinafune kuti atayike panjira ngakhale pang'ono, ndiye waya wautali uja ndinaudula, ndinaupinda pawiri kuti unenepe, ndipo ampulifaya ndinaigundanitsa ndi batire penipeni. Wakuda ndinaumanga pamutu wa batire, osatinso pachitsulo. Lipenga ndinalilozetsa kumabango. Kanyale kobiriwira kanayaka mofooka.

Nyimbo inayamba bwino. Mawu a amayi a kwaya anadzaza dambo lonse, ndipo anthu anakhala chete. Sipanapite nthawi kamuvi kanayamba kutsika. Kamota kozunguza kaseti kanasowa mphamvu, tepi inayamba kukokeka. Mawu a amayi anasanduka a abambo, a abambo anasanduka a ng'ombe. Pamene nyimbo imakwera, kanyale kofiira kankayaka, mawu n'kuduka, n'kubwereranso ali otsika kuposa poyamba. Ndinatsitsa voliyumu kuti isaduke, ndinafinya mawaya ndi zala, ndinachita zonse zimene ndimadziwa. Kamuvi kanafika pa 9. Kumudzi kunayamba kutuluka amayi akumanga nsalu m'chiuno, ndipo wina anali atayamba kale kulira maliro.

Sindinamvepo chinthu chonyansa chotero. Ndinaganiza kuti ngati Atate agona m'matope akutsirizika, chomaliza kumva chikhala nyimbo yawo ikuphedwa ndi ine. Ndinatambasula dzanja kuti ndizule waya. A Esnati anandigwira pamkono.

"Siya."

"Asisi, mukumva mmene ikumvekera?"

"Ndati siya."

Ndiye kunamveka kuwomba m'manja. Osati kothokoza, koma kuja kouma, kofulumira, kumene ana a kwaya onse a kwathu amakudziwa. Kunachokera m'mabango, pamalo amene tinadutsapo kawiri. Mabango anagwedezeka. Atate anatuluka, phazi limodzi lopanda nsapato, thalauzi ili matope mpaka m'mawondo, milomo itauma mbuu, tayi ili mowongoka bwinobwino. M'manja anali ndi bango, akumenya nalo m'mwamba msanga kuposa tepi.

"Ayi! Ayi! Mukukoka! Asopulano mwagona? Ndani wakupatsani kiyi imeneyi?"

Palibe anasuntha. Mayi wolira uja anatseka pakamwa. Atate anayenda akudzandira, kudutsa amalume osawayang'ana, kudutsa a Esnati amene anali atatambasula botolo, mpaka anakwera pachulu. Anayang'ana lipenga, anayang'ana mawaya, anayang'ana ine.

"Ndiwe ukuimbitsa zimenezi?"

"Ndine, Atate."

Pomwepo kanyale kanazimiratu. Tepi inaima pakati pa mzere. Atate anakweza bango, anatenga mzerewo pamene unadukira n'kuumaliza okha, pakiyi yake yeniyeni, ndi mawu osasa ngati a munthu amene wameza mchenga. Atamaliza ndiye analandira madzi. A Esnati ankawagwirira botolo, akuwaletsa kumwa mofulumira, misozi ikugwera pajekete. Amalume anatulutsa mpango wawo wosita uja n'kuyamba kuwapukuta Atate matope kumaso. A Jere anatola batire lawo, analigwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa anthu ngati pamudzipo pali wa ng'ombe zokoka.

Atate atapezako mpweya anatembenukira kwa amalume n'kundiloza ndi bango.

"Mnyamata uyu mwamutola kuti? Sadziwa ntchito."

Mawu amenewo anandiuzapo kambirimbiri ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo nthawi zonse ndinkatuluka m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Phazi lawo linali litachekeka ndi ziputu, likutuluka magazi. Ndinavula nsapato zanga, ndinagwada pachulupo, n'kuwaveka.